Kankhasi kakatseka maso, yambani mwafunsa za dzuwa

M'nthano zomwe tinakula nazo, kamba safa wamba. Akamuponya m'madzi amatuluka, akapikisana ndi kalulu amapambana. Mwina n'chifukwa chake ambirife timaganiza kuti kanyama ka chigoba n'kosavuta kuweta: kukaika m'beseni, kukaponyera nyenyeswa za nsima, basi yatha. Mvula ikangoyamba, zithunzi za tiana ta kamba ndi ta nkhasi zimayamba kuoneka pa WhatsApp, tina totoledwa m'ngalande, tina togulidwa kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Za mmene timathera, palibe amajambula.

Chovuta n'chakuti nyama zimenezi sizilira. Galu akadwala amabuula, nkhuku imazyolika, aliyense amaona. Koma kamba kapena nkhasi imadwala mwakachetechete kwa milungu yambiri, ndipo pofika poti mwinimwini azindikire, matenda amakhala atapita patali.

Mwana wa achemwali anga, wa sitandade 6, anatola kankhasi m'chithaphwi ku Area 25 mu Lilongwe mwezi wa February. Kanali kosakwana n'komwe bokosi la machesi. Anakatcha Kabaza, akuti chifukwa kamayenda katanyamula katundu kumsana. Ine ndinakaona koyamba mu June nditapita kukacheza. Kanali m'beseni kunsi kwa bedi, pasimenti, m'madzi ozizira ngati a mufiriji, tizidutswa ta buledi tikuyandama pambali pake. Maso anali otupa, otsekeka onse awiri. Nditakanikiza chigoba pang'ono ndi chala, chinabonyoka. Kanali katatha milungu iwiri kasakudya.

"Malume, kafa kapena kagona?" Funso lake linali limenelo.

Tisanapite patali, tisiyanitse kaye nyama ziwirizi, chifukwa ambiri amazisokoneza ndipo kusokonezako kumapha. Kamba ndi wa kumtunda: chigoba chake n'chotukuka, miyendo yake ndi yonenepa ngati timitsitsi, ndipo amadya kwambiri udzu ndi masamba. Mwana wa kamba mukamuika m'madzi akuya atha kumira. Nkhasi ndi ya m'madzi: chigoba n'chophwatalala, pakati pa zala pali kachikopa kosambirira, ndipo mitundu yambiri imadya nyama. Kabaza ndi wa mtundu womwe asayansi amautcha Pelomedusa, wopezeka m'madambo ndi m'zithaphwi m'mayiko ambiri a mu Africa. Mungauzindikire mosavuta: pobisa mutu sukokera khosi m'kati molunjika, umalipinda chammbali. Ukakwiya umatulutsa fungo loti simudzaiwala. Madzi akauma m'chilimwe umadzikwirira m'matope kudikira mvula ina.

Tinakatengera kwa dokotala wa ziweto m'katoni, titakakulunga m'kansalu konyowa. Odwala ake a tsiku ndi tsiku ndi agalu, amphaka ndi mbuzi, koma anakalandira. Asanatchule mankhwala alionse anafunsa zinthu zitatu: kamaothera dzuwa? Madzi ake ndi ofunda bwanji? Kamadya chiyani? Mayankho onse atatu anali oipa, ndipo matenda onse anali m'mayankhomo.

Nkhani ya dzuwa ndi yomwe inandigwira mtima kwambiri. Chigoba si chipewa chomwe nyamayi imavala. Ndi fupa lamoyo, nthiti ndi msana zolumikizana, lokhala ndi magazi ndi mitsempha. Kuti fupalo lilimbe pamafunika kashiamu, ndipo kuti thupi litenge kashiamu m'chakudya pamafunika vitamini D3. Vitamini ameneyu thupi limapanga lokha khungu likaombedwa ndi mbali ya kuwala kwa dzuwa yotchedwa UVB. Popanda dzuwa, thupi limayamba kusolola kashiamu m'mafupa ake omwe, chigoba n'kufewa, nsagwada n'kulefuka, kanyama n'kulephera ngakhale kuluma chakudya. Inde, chigoba cha kamwana kongoswedwa kumene chimakhala chofewerako mwachibadwa, koma chimayenera kumalimba miyezi ikamapita, osati kumabwerera m'mbuyo.

Ndiye pali kamsampha apa. UVB sadutsa bwino pagalasi la pawindo. Kuika beseni pawindo lotseka n'kumati kakuothera dzuwa n'kudzinamiza. Anzathu a ku London amachita kugula mababu apadera a UVB, n'kumawasintha pakapita miyezi chifukwa mphamvu yake imatha. Ifeyo kuno dzuwa tili nalo laulere pafupifupi chaka chonse, koma kanyama kakufera kunsi kwa bedi. Eti.

Tinayamba kumakatulutsa m'mawa uliwonse, cha m'ma 9, kwa theka la ola mpaka ola lathunthu. Osangokasiya padzuwa n'kuchokapo ayi. Beseni la pulasitiki likakhala padzuwa limatentha msanga kwambiri, ndipo kanyama kakang'ono chonchi katha kufa m'mphindi zochepa. Theka la beseni tinkaliphimba ndi katoni kuti pakhale mthunzi, ndipo m'kati tinaika mwala wophwatalala woti kakwerepo n'kuuma thupi lonse. Pamwamba tinaika waya wa nkhuku. Akhwangwala a mu Lilongwe sachita manyazi, ndipo makoswe usiku amatha kutafuna miyendo ya kamwana kotere.

Kuzizira ndi vuto lachiwiri. Nkhasi sipanga kutentha m'thupi mwake ngati ife. Thupi lake limatsatira malo omwe ili. Kukazizira, m'mimba simugaya chakudya, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo ngakhale mankhwala sagwira bwino ntchito. Kamwana kodwala kamafuna madzi a madigiri 25 mpaka 28, ndi malo ouma oothera a madigiri 30 kapena kuposerapo pang'ono. Usiku wa June ndi July mu Lilongwe kumatha kutsika kufika madigiri 10. Kuthengo nkhasi imakumba n'kubisala. M'beseni pasimenti ilibe kothawira. Tinagula kachipangizo koyezera kutentha, tinachotsa beseni pansi n'kuliika pathabwa, ndipo masana kukakhala chiperoni tinkayatsa babu lakale lija lotentha pamwamba pa mwala. Mababu a LED satentha, sathandiza pa ntchito iyi. Magetsi akazima usiku, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thaulo, loyedzamiritsa kunja kwa beseni, linkagwira ntchito. Madzi enieniwo tinkaika osaya, ongophimba chigoba, kuti katukule mutu n'kupuma mosavutika.

Za maso otupa, dokotala anati nthawi zambiri zimachokera ku kuperewera kwa vitamini A, madzi auve, kapena zonse ziwiri. Ndipo nkhasi yosaona sidya, yosadya imaperewera zambiri, zinthu n'kumangoipiraipira. Anatipatsa mankhwala odontheza m'maso, natiuza kuti tizisintha madzi tsiku lililonse. A pampopi tinkayamba tawatunga dzulo lake kuti klorini achepe. Jakisoni wa vitamini A alipo, koma ukachuluka umasupula khungu, ndiye si chinthu chongoyerekeza panyumba.

Kudya ndiye kunali nkhondo. Masiku asanu oyamba kanalibe nazo ntchito. Achemwali anali atayamba kale kunena kuti tikungotaya ndalama pa chinthu choti kumudzi ena amawotcha n'kudyera nsima. Sanali kunama, ndipo ndalama ya kwa dokotala inali yokwanira ndiwo za masiku angapo. Koma mwana uja ankadzuka 5 koloko kukakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa asanapite kusukulu, ndipo palibe analimba mtima kumuletsa. Tsiku la chisanu ndi chimodzi diso limodzi linatseguka pang'ono. Patapita masiku ena awiri kanaona nyongolotsi ikugwedezeka, kanaiyang'ana nthawi yaitali, kenako khapu! M'nyumba monse munamveka chiphokoso ngati Flames yagoletsa.

Chakudya chake n'chomwe chimapezeka kudambo: nyongolotsi, ziwala zazing'ono, ngumbi nyengo yake ikafika, tinkhono, ndi tinsomba tathunthu ndi minga yomwe, chifukwa kashiamu ali m'mingamo. Usipa wauwisi ndi wabwino; wouma muyambe mwaunyika, ndipo wothira mchere ayi. Nkhasi imadyera m'madzi, pouma imavutika kumeza. Buledi, nsima, mpunga ndi mkaka si zake. Ngati wanu ndi kamba wa kumtunda, nkhani ndi ina: udzu, chisoso, nkhwani, masamba osiyanasiyana osapoperedwa mankhwala, n'kuwazako pang'ono ufa wa makoko a mazira owiritsa. Mwana wa kamba amafunanso kumuviika m'madzi ofunda osaya kwambiri kwa mphindi 10 kapena 15 kuti amwe.

Pali zizindikiro zina zomwe sizidikira kuti muyese dzuwa kaye. Thovu m'mphuno, kupuma kukamwa kuli yasa, kulira kwa tsii popuma, kapena kuyandama chopendekera mbali imodzi, zimenezo zimaloza ku chibayo. Chigoba chonunkha, chokhala ndi mabala kapena malo oyera ofumbutuka, ndiye kuti chayamba kuola. Zoterezi zimafuna dokotala tsiku lomwelo. Ndipo chonde, mankhwala a anthu kapena a ziweto zina asayandikire. Ivermectin, yemwe alimi ambiri amabaya mbuzi ndi agalu pothana ndi njoka za m'mimba ndi nkhupakupa, ndi poizoni kwa kamba ndi nkhasi: amazipuwalitsa n'kuzipha. Wina akakuuzani kuti dontho limodzi silingavute, kanani. Chimodzimodzinso kupaka penti pachigoba kapena kuchiboola kuti mumangirepo chingwe, monga ena amachitira. Paja tanena kuti ndi fupa lamoyo, limamva kupweteka.

Akuluakulu anati kamba amanyera womutola. Iwo ankanena zina, koma mawuwo ndi oona ngakhale mmene alilimo. Ndowe za kamba ndi nkhasi nthawi zambiri zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella, ngakhale nyamayo ikuoneka yathanzi, ndipo timeneti timatsegula m'mimba koopsa. Ku America analetsa mu 1975 kugulitsa tiana ta nkhasi tomwe chigoba chake sichinafike mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10, chifukwa ana ambiri ankadwala atatiseweretsa kapena kutiika m'kamwa. Kwathu tinaika lamulo: sopo m'manja ukangokagwira, beseni lake lisayandikire mbale kapena sinki, madzi ake akatayidwe kuchimbudzi, ndipo mlongo wake wa zaka 3 azingoonerera patali. Lamulo lomalizali ndi lomwe linavuta kwambiri kusunga.

Pali funso lina lomwe sindingalilumphe, ngakhale silikoma kwa amene akakonda kale kanyama kawo. Izi ndi nyama zakuthengo. Lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusunga nyama zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo akamba onse a kumtunda ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama zakuthengo pakati pa mayiko. Kugula kwa mnyamata wa pamsewu pofuna "kukapulumutsa" kumangomutuma kukatola ena mawa. Komanso nyama zimenezi zimakhala zaka makumi angapo. Mwana wa sitandade 6 adzamaliza koleji Kabaza akadali moyo, atakula ngati mbale, akufuna dziwe osati beseni. Kwa ine, kankhasi kathanzi mukakapeza m'chithaphwi, kajambuleni n'kukasiya pompo. Ngati muli nako kale ndipo kadwala, musakataye kudambo kali chomwecho: sikangapulumuke, ndipo katha kupatsira tinzake matenda. Funsani a Department of National Parks and Wildlife, kapena a Lilongwe Wildlife Trust, omwe amalandira nyama zakuthengo zovulala ndi zamasiye.

Kabaza timamuyeza pasikelo ya kukhitchini Loweruka lililonse, n'kulemba kumapeto kwa kope la masamu. Maso onse awiri ali gwa, ndipo nyongolotsi zakuseri kwa bafa zayamba kusowa. Chigoba chikadali chofewerako chakumbuyo. Dokotala anati chimenecho chimatenga miyezi, ndipo pomwe chinapindika padzakhala chomwecho. Tinagwirizana pabanja kuti chikalimba, mvula ikayamba, tidzayankhula ndi a zanyama zakuthengo kuti atiuze koyenera kukamusiya. Mwini wake wavomera, koma wapempha kuti tsikulo lisadzakhale la sukulu.