Pamene Akazi Anakwera pa Bwalo la Zisudzo ku London

M'masiku a Shakespeare, ngakhale kuti masewero ake adzala ndi akazi anzeru ndi akazi amisozi, panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe amene ankaponda pa bwalo la zisudzo mumzinda wa London. Kotero kuti Juliet uja amene ana athu amamuwerenga kusukulu, womusewera anali mnyamata wa mawu anthete, atavekedwa zovala zachikazi. Zinakhala chomwecho kufikira chaka cha 1642, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo, amene ambiri a iwo ankayesa zisudzo msampha wa woipayo, anatseka nyumba zonse zamasewero.

Patapita zaka 18, Mfumu Charles II inabwerera kuchokera kumaiko kumene inathawira, ndipo pokhala itaona kale akazi akusewera ku France, inapatsa Thomas Killigrew ndi William Davenant chilolezo chotsegulanso nyumba zija. Pa 8 Disembala 1660 mkazi anaonekera pamaso pa khamu monga Desdemona m'sewero la Othello, ndipo mu 1662 mfumu inaloleza mwalamulo kuti mbali za akazi azisewera ndi akazi. Chifukwa chimene chinalembedwa n'chakuti anthu ena ankanyansidwa poona amuna atavala zachikazi. Koma amene aidziwa mbiri ya mfumu imeneyi, ndi unyinji wa akazi ake apambali, angamwetulire pomva kuti inagwidwa ndi changu cha chiyero.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khomo lomwelo limene linatsegukira akazi linatsegukiranso amuna achuma, amene ankalowa m'zipinda zovalira monga alowa m'munda mwawo, ndipo olemba masewero, pozindikira chimene maso a khamu ankafuna, anachulukitsa mbali zoti mkazi avale buluku lothina la amuna kuti miyendo yake ionekere pa kuwala kwa makandulo. Ngakhale amayi olemekezeka obwera kudzaonerera, amene ankavala zophimba nkhope zakuda kuti aseke nthabwala zolaula popanda wowazindikira, anagwa m'matope omwewo, pakuti akazi adama anayamba kuvalanso zophimbazo, mpaka Mfumukazi Anne inaziletsa mu 1704.

M'chipwirikiti chimenechi ndimo munatuluka Nell Gwyn, mwana wa amphawi, amene anayamba ndi kugulitsa malalanje kwa oonerera m'nyumba ya zisudzo ya ku Drury Lane, nakwera pa bwalo asanakwanitse zaka 20, naseketsa mzinda wonse, kufikira mfumu yomwe inamutenga, namuberekera mwana wamwamuna mu 1670. Anthu amakonda kusimba za iye ngati nthano ya mwayi, koma ine mtima wanga umatsamira kwa Aphra Behn, amene anadya thukuta la cholembera chake, nalemba The Rover mu 1677, napirira chitonzo cha amuna amene ankalemba zolaula zoposa zake popanda wowaloza chala, naikidwa m'manda ku Westminster Abbey mu 1689.

Kudzisunga nakonso sikunali linga. Anne Bracegirdle, wosewera zisudzo amene mbiri yake inali ya mkazi wodziletsa, anafuna kumuba pamsewu mu 1692 msilikali wina wotchedwa Richard Hill, mothandizidwa ndi Lord Mohun. Chiwembucho chitalephereka, usiku womwewo Hill anabaya William Mountfort, mnzake wa mayiyo pa zisudzo, ndipo mabwana anzake a Mohun atakhala pa mlandu anapeza Mohunyo wosalakwa. Mayiyo anabwerera ku ntchito yake. Patangotha zaka zitatu, mu 1695, iye ndi wosewera mnzake Elizabeth Barry, atatopa ndi umbombo wa mwini kampani imene ankagwiramo ntchito, anatuluka pamodzi ndi wosewera wina, Thomas Betterton, nakatsegula nyumba yawoyawo ku Lincoln's Inn Fields, kumene pogawana ndalama zapakhomo, maina a akazi awiriwo anawerengedwa pakati pa eni ake.