Kodi mumadziwa? Zinsinsi za chingwe cha tchaja

Mwagula chingwe chatsopano pa msika wa Mangochi, pochitulutsa m'pepala zala zatuwa ngati mwachokera kuchigayo. Musathamangire kukabweza! Nthawi zambiri kaufako ndi talc amene amawaza kufakitale kuti zingwe zisamatirirane, mwala wofewa kwambiri moti pa sikelo ya kulimba kwa miyala uli pa 1, pomwe dayamondi ali pa 10.

Nanga chija chonanda ngati ulimbo? Pulasitiki ya PVC payokha ndi youma gwa ngati paipi ya madzi, ndiye amaithira mankhwala onga mafuta kuti ifewe, ndipo chingwe chikaswera pa benchi padzuwa la Okutobala ku Monkey Bay mafutawo amatuluka ngati thukuta. Amatha kukwana gawo limodzi mwa magawo atatu a pulasitiki yonseyo!

Ndiyetu ufa si umboni wa feki. Chinyengo chimabisala m'kati. Waya weniweni ndi wa kopa, koma akathyali amaika aluminiyamu n'kungomupaka kopa pamwamba. Mukudabwa kuti foni yagona pa tchaja koma yadzuka ndi njala? Pomwe kopa amadutsitsa magetsi 100, aluminiyamu wa kukula komweko amadutsitsa 61 okha.

Ena amachita kuikamo chitsulo. Tengani maginito a sipika yakufa muwagunditse pakati pa chingwe, osati kunsonga: chikakakamira, mwagula waya wa mpanda.

Koma choopsa zedi ndi mutu wa tchaja. Pakhoma ESCOM imabweretsa mavoti 230, pomwe foni wamba imangofuna 5. Kabokosi kakang'onoko kakutchinga mphamvu yoposa ya foni ka 46!

Ndipo mukudziwa chimene chimalekanitsa mbali ziwirizo? Kampata chabe, kamene m'matchaja ena a feki sikakwana n'komwe milimita imodzi. Ndiye kuti pakati pa dzanja lanu ndi magetsi a Nkula pali munga wa usipa.

M'chaka cha 2016 bungwe la UL la ku America linayesa matchaja a feki 400 olembedwa dzina la Apple. Tangoganizani amene anakhoza mayeso a chitetezo: atatu basi!

Mwina mukuti yanu ndi orijino chifukwa anabwera nayo achimwene kuchokera ku Joni. Pepani, chaka chomwecho Apple inagula matchaja ndi zingwe zodzitcha zenizeni pa Amazon penipeni. Inapeza kuti pafupifupi 90 pa 100 zinali zabodza.

Potsiriza, inu okonda kuyesa pawa banki poipepeta m'manja, kulemera kusakupusitseni. Ena ataitsegula anapezamo batire imodzi yokha, malo otsalawo atadzaza timatumba ta mchenga. Inde, mchenga womwewu timauponda ulere ku Cape Maclear!