Kayendedwe ka Mzere wa Ndakatulo

Ndakatulo yoyezedwa ndi imene mizere yake imayenda pa muyeso umodzi, monga momwe mapazi a ovina amatsatira ng'oma. M'Chingerezi muyesowu umadalira kusinthana kwa liwu lopepuka ndi lotsindika: soneti ya Shakespeare ili ndi mizere 14, ndipo mzere uliwonse kawirikawiri umakhala ndi maphatikizo 10. Chichewa sichitsindika mawu chotero, kotero mlakatuli wakuno amayeza powerenga maphatikizo.

Mwachitsanzo, mlakatuli wa ku Area 25 atalemba kuti "Dzuwa lalowa ku Dzenza", ali ndi maphatikizo 8: dzu-wa-la-lo-wa-ku-Dze-nza. Akatsatiza "Mayi achoka pa Nsungwi", apezanso 8, ndipo khutu limamva kuti mizereyi ndi yapachibale. Msampha uli pa mawu ngati "msika" ndi "mtengo". Lembo la m pamenepa ndi phatikizo palokha, choncho "msika" ali ndi maphatikizo 3, osati 2. Ophunzira ambiri amaphonya pomwepa, mzere n'kuyamba kutsimphina osadziwa chavuta.

Chachiwiri ndi kakokedwe ka mawu. Mchewa akafika popumira amatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ngati "Dzee-nza". Kukokaku ndiko kumapatsa mzere mtsetse wake, n'chifukwa chake mlakatuli waluso amaika popumira pamalo ofanana m'mizere yonse ya ndime. Amayesa polakatula mokweza, chifukwa pepala silipuma.

Kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta, poti mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u. Kuphweka kumeneku kumapusitsa: mizere khumi yothera pa "-a" sikometsa kanthu. Chibwereza cha mawu oyamba, kapena kutola liwu lomaliza n'kuyambira nalo mzere wotsatira, kumagwira mtima koposa, ndipo nyimbo za pamtondo zidachita zimenezi kalekale.

Muyeso wokhwima umapezeka kwambiri m'nyimbo za kutchalitchi. Omasulira buku la Nyimbo za Mulungu ankayenera kulowetsa Chichewa m'mayimbidwe obwera, monga a 8.7.8.7 (mizere yosinthana maphatikizo 8 ndi 7), ndiye ankadula mawu ena kuti akwane. Alakatuli a m'mabuku, kuyambira E.J. Chadza wa Ntchito za Pakamwa kufikira Benedicto Wokomaatani Malunga wa Kuimba kwa Mlakatuli, amasiyana pa kamangidwe ka mizere, ndipo ndakatulo zambiri za pawailesi lero zimatsata mpweya wa wolakatula kusiyana ndi chiwerengero cha maphatikizo.