Apolisi ali pageti, vuto ladzera kumpanda

Mukafika pachipata cha Mwanza basi ya ku Joni itangoima, chitetezo mumachiona ndi maso. Uku mzere wa a Immigration, chidindo chikulira pa pasipoti. Uko a MRA akutsitsa zikwama, mafiriji ndi mabulangete. Wapolisi naye ali chilili. Zonse zili m'chimake.

Koma chezani ndi anyamata a kabaza patauni ya Mwanza. Akuuzani kuti kupita ku Zobue sikuti nthawi zonse kumalira chidindo. Malire athu ndi Mozambique alibe mpanda. Kuli minda, mapiri ndi tinjira tamadulira, ndipo mabanja ena ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Mwina mukuti izi n'za pamtunda, ku bwalo la ndege zinthu n'zokhwima. Tiyeni titsike msewu wa M6, tidutse pa Zalewa ndi pa Lunzu, tikhote pa Kameza. Tafika ku Chileka, bwalo la ndege lomwe ife a ku Mwanza tili nalo pafupi.

Mu January 2019, kampani ya South African Airways inaimitsa maulendo ake apakati pa Johannesburg ndi Blantyre. Sikuti kunaphulika bomba kapena kunagwidwa chigawenga ayi. Akuluakulu oona za ndege a ku South Africa atayendera bwaloli, anapeza kuti mpanda wozungulira ndi woonongeka, ndiponso galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi sizinali zodalirika. Basi, ndege inasiya kubwera.

Taganizani. Mkati mwa nyumba okwera ndege akuvula lamba, kutulutsa foni m'thumba, chikwama chikudutsa pa makina. Kunja, pamtunda wongoyenda wapansi, waya ndi wobooka.

N'chifukwa chiyani waya ndi nkhani yaikulu?

Ndege ikuluikulu ikamatera imakhala ikuthamanga makilomita oposa 200 pa ola. Siingazembe mbuzi, galu kapena mwana wodula njira ngati mmene amachitira adalaivala a minibasi. Chachiwiri, kusecha konse kwa pageti kuli ndi tanthauzo pokhapokha ngati geti ndiye khomo lokhalo. Munthu akatha kufika pa ndege kudzera patchire, makina aja asanduka chidole.

Malamulo ake si a Malawi yekha. Bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndilo limaika miyezo yomwe mabwalo a ndege padziko lonse amayenera kutsata. Ukalephera, anzako sakangana nawe. Amangosiya kukutumizira ndege.

Alendo aja atalankhula, boma linayamba kuthamangathamanga ndi malonjezo, ndipo chaka chomwecho msewu waukulu woterapo ndege unatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti aukonze. Akuluakulu adati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa. Koma mpanda subooka tsiku limodzi. Odula waya anaudula alipo anthu ogwira ntchito pabwalo, alipo apolisi, alipo ogula zitsulo zakale. Funso ndi loti, tinkadikira ndani?

Anasecha ndege, munthu atapita kale

Khalidwe lolondera geti si lathu lokha. A ku South Africa omwe anatidzudzula aja nawo anaona zakuda mu November 2020. Mneneri Shepherd Bushiri ndi mkazi wake Mary, omwe anali pa belo pa milandu yokhudza ndalama, anasowa m'dzikolo pa nthawi yomwe Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anali kumeneko pa ulendo wa boma. Apolisi anathamangira ku bwalo la ndege za asilikali la Waterkloof. Ndege ya Pulezidenti inachedwa maola ambiri akusecha, mpaka boma la Malawi linadandaula poyera. Mawa lake Bushiri analengeza kuti ali ku Malawi.

Maboma onse awiri anati iye sanali m'ndegemo, ndipo unduna woona za m'dziko ku South Africa unati mabuku a m'zipata zake sakusonyeza kuti awiriwa anatuluka. Apolisi anaonetsa mphamvu pa bwalo la ndege. Khomo lenileni linali kwina.

Ife a ku Mwanza tinaonanso zathu chaka chomwecho. Mu May 2020, Covid-19 itavuta, mabasi odzadza ndi a Malawi ochokera ku South Africa analowera pachipata chathu chino. Anthuwo anawatengera ku Kamuzu Stadium ku Blantyre kuti akadikire zotsatira za kuyezedwa. Oposa 400 anathawa. Ena analumpha mpanda, ndipo panamveka malipoti oti ena anapereka kangachepe kuti adutse. Iwo ankadandaula kuti pamalopo panalibe chakudya chokwanira, madzi ndi zimbudzi zabwino. Apolisi analipo, yunifolomu inalipo. Chomwe chinasowa ndi dongosolo. Zotsatira zitatuluka, azaumoyo anayamba kusakasaka anthu omwe anali atafika kale kwawo.

Pomwe zinayenda bwinoko

Tisanamizane kuti achitetezo amangogona. Pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka, mu August 2023, bungwe la Drug Enforcement Commission linagwira ndege yaing'ono yochokera ku Cairo. Munapezeka ndalama pafupifupi 5.7 miliyoni za ku America, mfuti zing'onozing'ono 5, ndi zitsulo zolemera makilogalamu 127 zomwe poyamba ankati ndi golide, koma ataziyeza zinapezeka kuti n'zabodza. Bungweli linati linachita kutsinidwa khutu. Si makina omwe anagwira ndegeyo. Wina anaona, ananena, ndipo amene anamva anachitapo kanthu ndege isananyamuke.

Apa ndi pomwe pali phunziro. Chitetezo chenicheni chimachitika zinthu zisanavute, ndipo nthawi zambiri sichioneka pa Facebook. Ndi wapolisi woyenda m'mbali mwa mpanda usiku. Ndi mfumu ya mudzi woyandikana ndi bwalo yomwe ili ndi nambala ya foni yoti iimbe ikaona waya wadulidwa. Ndi kufunsa wogula zitsulo kuti waya uyu wamutenga kuti. Ndi lipoti lomwe limatuluka poyera, lotchula amene analakwitsa ndi chilango chake, osati zija zoti "tikufufuza" kenako zii.

Nanga iwe zikukukhudza bwanji?

Mwina sunakwerepo ndege ndipo ulibe nazo pulani. Komabe ndege ikasiya kutera ku Chileka, wodwala wopita kuchipatala kunja azungulira ku Lilongwe. Wa takisi, wa hotela, wogulitsa ziboliboli, onse bizinesi yatsika. Ndipo dziko likatchuka kuti zipata zake n'zotayirira, amene amavutika ndi iwe wa pasipoti ya Malawi, ukamafunsidwa mafunso ambirimbiri pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge pomwe ena akungodutsa.

Ifenso tili ndi mbali yathu. "Ya fanta" yomwe timapereka kuti chikwama chisatsegulidwe ndi yomweyo imene wozembetsa anthu kapena mankhwala ozunguza bongo amapereka, kungoti iye amapereka yambiri. Wapolisi amene wazolowera yako sakana yake. Ndipo munthu wosamudziwa akakupempha pa depoti kuti "aise, ndinyamulireko kaphukusi aka, akakalandira ku Park Station", kana. Akakagwira, wokalowa m'chitokosi ndiwe. Wantchito wa boma akakuumiriza chiphuphu, a ACB alipo.

Kwa akuluakulu a polisi, a Immigration ndi oyendetsa mabwalo a ndege, pempho lathu ndi laling'ono. Mwezi uno, sankhani tsiku limodzi, tulukani muofesi, muyende wapansi kuzungulira mpanda wonse wa Chileka. Mukatero mubwere kuno ku Mwanza, anyamata a kabaza akuonetseni tinjira tija. Kenako mutiuze zomwe mwapeza, alendo asanabwere kudzatiuza.