Haiku isathamangire kabolodi kalikonse

Haiku ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows kapena Linux, koma imalembedwa makamaka ndi anthu ochepa ongodzipereka. Inayamba mu 2001 pofuna kupitiriza BeOS, pulogalamu ina yakale yoyendetsa kompyuta. Okonda kuseweretsa zamagetsi amafuna kuti iziyendanso pa timabolodi tonga Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene kanatuluka mu 2012.

Ine ndimawamvetsa. Kuno ku Northmead tinaona mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi akuzima maola ambirimbiri. Kakompyuta koyenda ndi batire la foni kapena kasola kakang'ono ndi chuma kwa mwana wasukulu wofuna kuphunzira kulemba mapulogalamu.

Vuto lili pa madiraiva, timapulogalamu tolankhula ndi chipangizo chilichonse. Makompyuta a Intel ndi AMD amayaka m'njira yofanana, pomwe pa timabolodi ta tchipi za ARM, monga Raspberry Pi, kalikonse kali ndi kayatsidwe kake, ndipo opanga ena sabwera poyera ndi malongosoledwe a tchipi zawo. Kuwonjezera bolodi ndi kulonjeza kulisamalira zaka zambiri. Wolemba diraivayo akatopa, ndani atsale nayo?

Maganizo anga ndi akuti Haiku isankhe Raspberry Pi yokha, iimalize bwinobwino. Mphamvu zotsala zipite ku malaputopu akale a Dell, HP ndi Lenovo ogulitsidwa m'tauni muno. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo ambiri mwa makinawa sangalandire Windows 11. Haiku imabwereka kale madiraiva a WiFi ku FreeBSD, pulogalamu inanso yoyendetsa kompyuta, kotero ntchitoyo siyambira pansi.