Oimba Jazz a ku America pa Kanema

Pamene Charlie Parker, katswiri woliza lipenga la saxophone, anamwalira mumzinda wa New York m'chaka cha 1955, dotolo amene anapima mtembo wake anayesa kuti ndi munthu wa zaka zoposa 50. Koma zaka zake zinali 34 zokha. Mankhwala a heroin ndi mowa ndizo zinamkalambitsa.

Mbiri yomvetsa chisoniyi inaonetsedwa m'chithunzithunzi chotchedwa Bird, chimene Clint Eastwood anakonza mu 1988. Chomwechonso Diana Ross, m'chithunzithunzi cha Lady Sings the Blues cha 1972, anasewera monga Billie Holiday, mayi amene apolisi anammanga ali gone m'chipatala mu 1959, namwalira momwemo ali ndi zaka 44.

Tsono mnyamata woonera kanema wotere atolapo chiyani? Oimba achinyamata ambiri a m'masiku a Parker anayamba heroin poyesa kuti luso lake linachokera m'menemo, ndipo ena anataya nayo moyo. Chikhalirecho luso linadza ndi khama, pakuti ali mnyamata ankaphunzira lipenga lake kufikira maola 15 pa tsiku. Chithunzithunzi chimene chichulutsa jekeseni ndi kuchepetsa thukutalo chisokeretsa ana, ndipo pamenepo mphunzitsi ayenera kuwongola.