Mapu a M'foni ndi Cinsinsi ca Maulendo Athu

M'phunziro lathu la lero tikamba za mapu amene amakhala m'foni ya m'manja. Ena mwa inu munaonapo woyendetsa galimoto ali kuyang'ana pa foni yake asananyamuke. Pa mapupo mseu wina, monga Great East Road mu Lusaka, umaoneka wofiira, kutanthauza kuti magalimoto athithikana. Mseu wina umaoneka wobiriwira, kutanthauza kuti ali kuyenda bwino. Kodi foniyo idziwa bwanji zimenezi?

Poyamba tione m'mene foni imadziwira malo pamene ili. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti a GPS, amene mwini wake ndi dziko la America. Alipo oposa 24, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku, nitumiza uthenga wonena za nthawi ndi za malo ake. Foni ikalandira uthenga wa masetilaiti anai, imawerengera yokha pamene ili. Apa foni imangomvetsera cabe, monga muli kucitira inu pa wailesi tsopano lino. Ine sindidziwa amene ali kundimva, ndipo masetilaiti naonso sadziwa amene ali kuwamvera.

Koma masetilaitiwo saona magalimoto. Nkhani ya kuthithikana imacokera kwa anthu a pamseu eniake. Foni yokhala ndi pulogalamu monga Google Maps kapena Waze imatumiza malo ake ndi liwiro lake ku makompyuta a kampani. Mafoni ambiri akamayenda pang'onopang'ono pa mseu umodzi, kompyuta imazindikira kuti pathithikana, niika utoto wofiira pa mapu. Munthu wina waluso wa ku Berlin, dzina lake Simon Weckert, anaika mafoni 99 m'kangolo, nakakoka pang'onopang'ono m'miseu yopanda magalimoto ambiri. Miseuyo inafiira pa Google Maps ngati kuti magalimoto adzazamo.

Motero munthu wofunsa njira amakhalanso ali kuulula kumene ali. Akuluakulu anati, walira mvula walira matope. Makampani amanena kuti amacotsa maina asanaphatikize nkhanizi, koma njira za munthu zimamuulula ngakhale dzina palibe. Foni imene igona pa nyumba imodzi usiku uliwonse, nipita ku sukulu imodzi m'mawa uliwonse, mwini wake sabvuta kumupeza. M'caka ca 2013 akatswiri anafufuza mayendedwe a mafoni a anthu 1,500,000. Anapeza kuti malo anai okha, pamodzi ndi nthawi zake, anali okwanira kusiyanitsa anthu 95 pa 100 alionse ndi anzao onse. M'caka ca 2018 mapu a Strava, pulogalamu ya anthu ocita masewera othamanga, anaonetsa poyera misasa ya asilikali, cifukwa asilikaliwo anali kuthamanga mozungulira misasa yao atayatsa pulogalamuyo.

Nanga ilipo njira ina? Inde ilipo. M'caka ca 2004 Steve Coast wa ku Britain anayambitsa OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene anthu odzipereka amajambula ndi kukonza mwaulere. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amagwiritsa nchito mapu amenewa. Munthu amakopera mapu a dziko lake m'foni kamodzi, ndipo pambuyo pake foni imamulondolera njira popanda intaneti, osatumiza ulendo wake kwa wina aliyense. Zimenezi zimathandizanso kumidzi kumene netiweki imabvuta.

Komabe mapu osungidwa m'foni sangadziwe za lole imene yafera pa mlatho mphindi khumi zapitazo. Kuti munthu adziwe zotere osaulula malo ake, nkhaniyo iyenera kumufika monga umafikira uthenga wa pa wailesi. Ku Ulaya, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, nkhani za pamseu zakhala zikutumizidwa ku magalimoto kupyolera m'mawailesi a FM, mwa njira yochedwa TMC. Galimoto imalandira, koma siyankha kanthu.

Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochedwa Data Protection Act m'caka ca 2021, loteteza nkhani za munthu payekha. Koma mlonda woyamba ndi mwini foni. Pa ulendo wa m'tauni nthawi ya m'mawa, munthu angasankhe mapu oonetsa kuthithikana. Pa ulendo wa kumudzi kapena wa kucipatala, mapu osungidwa m'foni ndi okwanira. Pulogalamu ikapempha cilolezo cakuti idziwe malo anu nthawi zonse, musafulumire kubvomera. Yambani mwafunsa makolo kapena aphunzitsi.

Tsopano nayi nchito yanu. Aliyense ajambule mapu a njira yake yocokera kunyumba kufika kusukulu, koma asalembepo dzina. Aphunzitsi, sonkhanitsani mapepalawo, muwasanganize, ndipo muwaonetse kwa ana limodzilimodzi. Werengani mapu amene kalasi lidzazindikira eni ake, kenaka mubwezere mwana aliyense pepala lake. Tsalani bwino, tidzamvananso sabata la mawa.